Momwe malamulo ndi mabwalo a milandu amagwirira ntchito ku Tanzania

Gongo la Mboto ndi dera lomwe lili kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Dar es Salaam, m'boma la Ilala, kupitirira bwalo la ndege la Julius Nyerere pa msewu wopita ku Pugu. Pafupi ndi derali pali ndende yaikulu ya Ukonga komanso bwalo laling'ono la milandu la Ukonga. Monga m'madera ena a mzindawu, anthu okhala kuno anachokera kosiyanasiyana, ndipo pakati pa alendo omwe amafika mu Dar es Salaam pali Amalawi ambiri. Ena amabwera kudzagwira ntchito, ena kudzaoda katundu ku Kariakoo, ndipo ena kudzatenga galimoto ku doko.

Mmalawi akalowa m'bwalo la milandu ku Tanzania amapeza zambiri zomwe akuzidziwa kale: majisitireti wakhala kutsogolo, woimira boma akuwerenga mlandu, mboni ikulumbira, loya akuipanikiza ndi mafunso. Izi zili choncho chifukwa maiko awiriwa analandira dongosolo la malamulo kuchokera ku Britain. Koma kufananaku n'komwe kumapusitsa ambiri. Pa nkhani za belo, malo, ntchito, chilankhulo cha m'bwalo ndi mphamvu za mafumu, malamulo a Tanzania amasiyana ndi a Malawi, ndipo munthu amene akuyesa kuti zonse n'chimodzimodzi akhoza kutaya ufulu wake kapena katundu wake. Nkhani ino ikufotokoza kumene malamulowa anachokera, momwe mabwalo anasanjidwira, ndi njira yomwe mlandu woyambira ku Gongo la Mboto umatsata.

Kumene malamulowa anachokera

Dera lomwe lero ndi Tanzania ya kumtunda linali m'manja mwa atsamunda a ku Germany mpaka pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Nkhondoyo itatha, dziko la Britain linatenga ulamuliro wa Tanganyika, ndipo pa 22 July 1920 linatulutsa lamulo lokhazikitsa boma ndi bwalo lalikulu la milandu m'dzikomo. Tsikuli likadali lofunika. Lamulo la Tanzania limati pa nkhani yomwe palibe lamulo lolembedwa la dzikolo, mabwalo atsate malamulo omwe ankagwira ntchito ku England pa 22 July 1920, bola agwirizane ndi momwe zinthu zilili m'dziko ndi pakati pa anthu ake. Ku Malawi tsiku lofanana nalo ndi 11 August 1902.

Dongosolo lomwe linachokera ku England limatchedwa common law. Mfundo yake yaikulu ndi yoti chigamulo cha bwalo lapamwamba chimakhala lamulo kwa mabwalo onse apansi pake. Majisitireti wa ku Ukonga sangagamule motsutsana ndi zomwe bwalo lalikulu linanena kale pa nkhani yofanana. Maiko monga Malawi, Zambia, Kenya, India ndi Ireland amatsata dongosolo lomweli, pomwe Mozambique, yomwe inalandira malamulo ake kuchokera ku Portugal, imadalira kwambiri mabuku a malamulo kusiyana ndi zigamulo zakale.

Atsamunda anabweretsanso malamulo ena omwe analembera dziko la India. Lamulo la mapangano la Tanzania la 1961 ndi lamulo la umboni la 1967 anawakonza motsanzira malamulo a ku India a 1872, ndipo lamulo la India la 1865 lokhudza chuma cha masiye likugwirabe ntchito pa chuma cha anthu ena omwe sankatsata miyambo ya makolo kapena chipembedzo cha Chisilamu.

Malamulo oyendetsera dziko

Tanganyika inalandira ufulu wodzilamulira pa 9 December 1961, ndipo pa 26 April 1964 inaphatikizana ndi Zanzibar kukhala dziko limodzi. Malamulo oyendetsera dziko omwe akugwira ntchito, omwe pa Chiswahili amatchedwa Katiba, ndi a 1977. Analembedwa nthawi ya chipani chimodzi ndipo asinthidwa kangapo. Mutu wa maufulu a anthu unalowamo m'chaka cha 1984, ndipo mabwalo anayamba kuugwiritsa ntchito mokwanira m'chaka cha 1988. Zipani zambiri zinaloledwa m'chaka cha 1992. Ntchito yolemba malamulo atsopano inayamba m'chaka cha 2012 motsogozedwa ndi Joseph Warioba, koma riferendamu yomwe inayenera kuchitika m'chaka cha 2015 sinachitike.

Katiba ili pamwamba pa malamulo ena onse, ndipo lamulo lililonse lotsutsana nayo ndi lopanda mphamvu. Gawo 13 limati anthu onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, kuti munthu ali ndi ufulu womvedwa ndi wochita apilo, ndiponso kuti woimbidwa mlandu ndi wosalakwa kufikira bwalo litamupeza wolakwa. Maufulu amenewa ndi a munthu aliyense amene ali m'dzikomo, mbadwa kapena mlendo. Gawo 107A limati mabwalo a milandu ndiwo ali ndi mawu omaliza pa nkhani ya chilungamo.

Komabe pali nkhani imodzi yomwe mabwalo analetsedwa kuikhudza. Gawo 41 limati bungwe loyendetsa zisankho likalengeza amene wapambana pa mpando wa pulezidenti, palibe bwalo lomwe lingafufuze zotsatirazo. Apa ndi posiyana kwambiri ndi ku Malawi, kumene pa 3 February 2020 oweruza asanu a bwalo lalikulu anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019.

Pansi pa Katiba pali malamulo omwe amapangidwa ndi Nyumba ya Malamulo, yotchedwa Bunge, yomwe imakumana ku Dodoma. Bilu imawerengedwa katatu, aphungu akaivomereza imapita kwa pulezidenti kuti asayinire, kenako imasindikizidwa mu gazeti ya boma. Nduna ndi makhonsolo amapanganso malamulo ang'onoang'ono, monga okhudza misika, ukhondo ndi ziphaso za malonda.

Malamulo a makolo ndi a Chisilamu

Kupatula malamulo olembedwa, mabwalo amagwiritsanso ntchito miyambo ya makolo ndi malamulo a Chisilamu pa nkhani za ukwati, chuma cha masiye ndi kulera ana. M'chaka cha 1963 boma linasonkhanitsa ndi kulemba miyambo ya mitundu yomwe imatsata kuchimuna. Miyambo ya mitundu yotsata kuchikazi, monga Aluguru, Amakonde, Amakua ndi Ayao, sinalowe m'kaundulayo. Choncho munthu wodalira mwambo wa kuchikazi, monga wa Achewa, ayenera kubweretsa umboni wotsimikizira bwalo kuti mwambowo ulipo ndipo ukumukhudza.

Mwambo suloledwa kuposa Katiba. M'chaka cha 1990, pa mlandu wa Ephraim ndi Pastory, woweruza James Mwalusanya wa bwalo lalikulu ku Mwanza anagamula kuti mwambo wa Ahaya woletsa mkazi kugulitsa malo a fuko omwe analandira kwa bambo ake ndi wa tsankho, ndipo sungatsatidwenso.

Chinthu china chomwe Mmalawi ayenera kudziwa n'chakuti ku Tanzania ya kumtunda mafumu alibe mphamvu yoweruza milandu. Boma la Julius Nyerere linachotsa mphamvu za mafumu m'chaka cha 1963, ndipo nthawi yomweyo linaphatikiza mabwalo a anthu akuda ndi mabwalo a anthu a mitundu ina kukhala dongosolo limodzi. M'tauni, mkangano waung'ono umayamba wafika kwa atsogoleri a dera, ku ofesi yotchedwa serikali ya mtaa. Atsogoleriwa amayanjanitsa anthu ndi kulemba makalata otsimikizira kumene munthu amakhala, koma iwo si bwalo la milandu ndipo sangatumize munthu ku ndende.

Makwerero anayi a mabwalo

Mabwalo a Tanzania ya kumtunda ali pa makwerero anayi, ndipo mabwalo a majisitireti amayendetsedwa ndi lamulo la 1984.

Khwerero loyamba ndi bwalo laling'ono, Mahakama ya Mwanzo, monga la ku Ukonga. Bwaloli limamva nkhani za miyambo ndi za Chisilamu, ngongole zing'onozing'ono, nkhani za mabanja, komanso milandu monga ndewu, kutukwanana ndi kuba zinthu zazing'ono. Kwa zaka zambiri maloya sankaloledwa kuyankhula m'bwaloli, ndipo majisitireti ankakhala ndi alangizi awiri ochokera m'dera. M'chaka cha 2021 lamulo linasintha. Tsopano loya amaloledwa ngati bwalo likutsogozedwa ndi majisitireti wa udindo wa Hakimu Mkazi, ndipo alangizi amaitanidwa pokhapokha pa nkhani ya mwambo kapena ya Chisilamu yomwe bwalo likufuna thandizo lawo.

Khwerero lachiwiri lili ndi mabwalo awiri a mphamvu zofanana. Bwalo la boma, Mahakama ya Wilaya, limayang'anira boma limodzi ndipo limamva apilo kuchokera ku bwalo laling'ono. La Ilala lili ku Kinyerezi. Bwalo la Hakimu Mkazi limayang'anira chigawo chonse, ndipo lodziwika kwambiri mu Dar es Salaam ndi la Kisutu, pakati pa mzinda. Milandu yambiri ya upandu, kuphatikizapo yokhala m'dziko popanda chilolezo, imathera pa khwerero limeneli.

Khwerero lachitatu ndi bwalo lalikulu, Mahakama Kuu. Mphamvu zake zilibe malire. Limazenga milandu yakupha ndi youkira boma, limamva madandaulo ophwanyiridwa ufulu wa mu Katiba, ndiponso apilo kuchokera kwa majisitireti. Lili ndi nthambi zapadera: ya zamalonda yomwe inayamba m'chaka cha 1999, ya malo, ya ntchito, ndi ya katangale ndi milandu yosokoneza chuma yomwe inakhazikitsidwa m'chaka cha 2016. Munthu wofuna kusumira boma amapita ku bwaloli atapereka kaye chidziwitso cha masiku 90.

Khwerero lomaliza ndi bwalo la apilo, Mahakama ya Rufani. Linakhazikitsidwa m'chaka cha 1979, mgwirizano woyamba wa maiko a kum'mawa kwa Africa utatha m'chaka cha 1977 pamodzi ndi bwalo la apilo lomwe Tanzania, Kenya ndi Uganda ankagwiritsa ntchito limodzi. Mtsogoleri wake woyamba anali Francis Nyalali, yemwe anakhala mkulu wa oweruza kuyambira 1977 mpaka 2000. Apilo imamvedwa ndi oweruza osachepera atatu. Likulu latsopano la mabwalo linatsegulidwa ku Dodoma m'chaka cha 2025, koma bwalo la apilo limayendera mizinda yosiyanasiyana, kuphatikizapo Dar es Salaam.

Mkulu wa oweruza amasankhidwa ndi pulezidenti popanda kudutsa ku Nyumba ya Malamulo, pomwe ku Malawi aphungu amayenera kumuvomereza. Oweruza a bwalo lalikulu amasankhidwanso ndi pulezidenti atamva malangizo a bungwe loona za ntchito ya oweruza. Iwo amapuma pa zaka 60, ndipo a bwalo la apilo pa zaka 65.

Zanzibar ili ndi dongosolo lakelake. Ili ndi malamulo oyendetsera zilumbazo a 1984, nyumba yake ya malamulo, bwalo lake lalikulu, ndi mabwalo a Kadhi omwe amamva nkhani za mabanja a Asilamu. Bwalo la apilo limamva milandu yochokera mbali zonse ziwiri, kupatula nkhani za Chisilamu zoyambira kwa Kadhi ndi zomasulira malamulo oyendetsera Zanzibar. Kumtunda kulibe mabwalo a Kadhi ovomerezeka ndi lamulo.

Munthu akamangidwa

Apolisi akamanga munthu ayenera kumuuza chifukwa chake m'chilankhulo chomwe akumva, ndipo munthuyo ali ndi ufulu wolumikizana ndi loya, m'bale kapena mnzake. Lamulo limati ngati sizitheka kumufikitsa ku bwalo pasanathe maola 24, ndipo mlandu wake si waukulu, apolisi amutulutse pa belo. Amene akusungidwabe ayenera kufikitsidwa ku bwalo mwachangu momwe zingathekere. Ku Malawi malire ake ndi maola 48. Mlendo alinso ndi ufulu wopempha kuti ofesi ya kazembe wa dziko lake idziwitsidwe, potsatira pangano la maiko la ku Vienna la 1963. Dziko la Malawi lili ndi ofesi ya kazembe ku Tanzania.

Apolisi amafufuza, koma mphamvu yozenga milandu ili m'manja mwa mkulu woimira boma pa milandu, yemwe amadziwika kuti DPP. Iye angathe kuyambitsa mlandu, kuulanda kwa woimira wina, kapena kuuthetsa. Kuyambira m'chaka cha 2019 lamulo limalola woimbidwa mlandu kukambirana ndi oimira boma kuti avomere mlandu posinthana ndi chilango chocheperako. Munthu sayenera kusayina pangano lotere asanamvetse zomwe zalembedwamo, chifukwa kuvomera kumamusandutsa wolakwa pamaso pa lamulo.

Ku bwalo, mlandu umawerengedwa ndipo woimbidwa mlandu amavomera kapena kukana. Akakana, boma limabweretsa mboni, iye kapena loya wake amazifunsa mafunso, kenako amadziteteza ndi kuitana mboni zake. Udindo wotsimikizira mlandu mosasiya chikayiko ndi wa boma. Milandu yakupha imayamba yatchulidwa kwa majisitireti kufikira kafukufuku atatha, ndipo pa nthawiyi woimbidwa mlandu safunsidwa kuvomera kapena kukana. Ikatero imatumizidwa ku bwalo lalikulu. Oyembekezera milandu mu Dar es Salaam amasungidwa makamaka ku ndende za Segerea ndi Keko. Ana amazengedwa ku bwalo la ana potsatira lamulo la 2009.

Belo ndi chilango cha imfa

Belo pa Chiswahili ndi dhamana. Pa milandu yambiri bwalo limapereka belo, ndipo kawirikawiri limafuna anthu oimira woimbidwa mlandu omwe ali ndi ziphaso komanso kalata yochokera ku serikali ya mtaa kapena kwa owalemba ntchito. Apa ndi pomwe mlendo wosadziwika m'dera amavutikira, ngakhale mlandu wake ukhale waung'ono.

Pali milandu ina yomwe lamulo limaletseratu belo. Mwa iyo muli kupha, kuukira boma, kuba moopseza ndi zida, uchigawenga, kuzembetsa anthu, kuzembetsa mankhwala ozunguza bongo ochuluka, ndi kubisa gwero la ndalama zopezeka mwachinyengo. M'chaka cha 2020 bwalo lalikulu linati kuletsaku kukutsutsana ndi Katiba, koma bwalo la apilo linasintha chigamulocho chaka chomwecho. M'chaka cha 2023 bwalo la Africa loona za maufulu a anthu, lomwe lili ku Arusha, linagamula kuti lamuloli likuphwanya pangano la Africa la maufulu. Ku Malawi bwalo lalikulu lili ndi mphamvu yopereka belo ngakhale pa mlandu wakupha.

Munthu wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha mwadala ku Tanzania amagamulidwa kuti anyongedwe, ndipo woweruza alibe mwayi wosankha chilango china, kupatula kwa ana ndi amayi oyembekezera. Palibe yemwe wanyongedwa kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990, koma zigamulo za imfa zikuperekedwabe. Bwalo la ku Arusha linatsutsa chilango chokakamizachi m'chaka cha 2019. Chaka chomwecho boma la Tanzania linalengeza kuti likuchotsa chilolezo choti anthu ndi mabungwe azilisumira mwachindunji ku bwalolo. Ku Malawi chilango cha imfa chokakamiza chinathetsedwa ndi bwalo lalikulu m'chaka cha 2007 pa mlandu wa Kafantayeni.

Milandu ya malo

Malamulo awiri a malo a 1999 amati malo onse m'dzikomo ndi a anthu onse, ndipo pulezidenti amawasunga m'malo mwawo. Mbadwa imapatsidwa ufulu wokhala ndi kugwiritsa ntchito malo kwa zaka zosapitirira 99, kapena imakhala nawo potsatira mwambo wa m'mudzi. Munthu amene si mbadwa sangapatsidwe malo pokhapokha ngati ndi a ntchito ya chitukuko cha malonda yovomerezeka ndi boma. Mmalawi amene wagula poloti ku Gongo la Mboto pa kalata ya pamanja, kapena m'dzina la mnzake, alibe poimira polimba pa tsiku la mkangano. Kuchita lendi nyumba ndi kololedwa.

Mikangano ya malo siyendera bwalo laling'ono. Potsatira lamulo la 2002, ili ndi njira yakeyake. M'tauni imayambira ku Baraza la Kata, lomwe ndi bungwe la anthu a m'wodi, ndipo Gongo la Mboto ndi wodi payokha. Kuyambira m'chaka cha 2021 bungweli limangoyanjanitsa, siligamula. Likalephera limapereka kalata yomwe wodandaula amapita nayo ku bwalo la malo ndi nyumba la boma, Baraza la Ardhi na Nyumba la Wilaya. Kuchoka apo apilo imapita ku bwalo lalikulu, kenako ku bwalo la apilo.

Milandu ya pa ntchito ndi zilolezo za alendo

Mkangano wa pakati pa wolemba ndi wolembedwa ntchito umayambira ku bungwe loyanjanitsa ndi kugamula lotchedwa CMA, lomwe linakhazikitsidwa ndi malamulo a ntchito a 2004. Munthu wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ayenera kudandaula pasanathe masiku 30, ndipo madandaulo ena, monga a malipiro, pasanathe masiku 60. Wosakhutira amapita ku nthambi ya ntchito ya bwalo lalikulu. Antchito a m'nyumba, alonda ndi osamalira maluwa amatetezedwa ndi malamulo omwewa.

Mmalawi safuna viza pobwera kudzacheza kwa masiku osapitirira 90, koma chidindo cha pa chipata cha Songwe sichimulola kugwira ntchito. Lamulo la 2015 limati mlendo wofuna ntchito akhale ndi chilolezo chochokera kwa mkulu woona za ntchito, komanso chilolezo chokhala m'dziko chochokera ku nthambi yoona za olowa ndi otuluka. Wopezeka alibe zilolezozi amalipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa m'ndende, kenako amabwezedwa kwawo, monga zinachitikira Amalawi ambiri mu Dar es Salaam m'chaka cha 2013. Mabwalo akhala akugamulanso kuti mgwirizano wa ntchito wa mlendo wopanda chilolezo ndi wopanda mphamvu, zomwe zikutanthauza kuti munthu wotere amavutika kulondola chipukuta misozi akachotsedwa. Mu July 2025 boma linaletsanso alendo kuchita mitundu 15 ya malonda, kuphatikizapo kugulitsa katundu m'mashopu ang'onoang'ono, kutumiza ndalama pa foni ndi kukonza mafoni.

Nkhani za banja

Lamulo la ukwati la 1971 limavomereza ukwati wa kutchalitchi, wa kwa boma, wa Chisilamu ndi wa mwambo. Mwamuna ndi mkazi akakhala limodzi zaka ziwiri kapena kuposerapo, anthu n'kumawaona ngati banja, bwalo limawatenga ngati okwatirana kufikira wina atabweretsa umboni wotsutsa. Ukwati umathetsedwa ndi bwalo lokha, ndipo asanakasume awiriwo ayenera kuyamba apita ku bungwe loyanjanitsa mabanja, lomwe ntchito yake ikufanana ndi ya ankhoswe. Pogawa katundu, bwalo limaona zomwe aliyense anaikapo. M'chaka cha 1983, pa mlandu wa Bi Hawa Mohamed, bwalo la apilo linagamula kuti ntchito za pakhomo za mkazi ndi gawo la zomwe anaika pa chuma cha banja.

Lamulo la 1971 linkalola mtsikana kukwatiwa ali ndi zaka 15 makolo akavomera, kapena 14 bwalo likalola. Rebeca Gyumi anasumira boma, ndipo m'chaka cha 2016 bwalo lalikulu linati ndime zimenezi zikutsutsana ndi Katiba. Bwalo la apilo linagwirizana nazo m'chaka cha 2019. Ku Malawi malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa m'chaka cha 2017 kuti msinkhu wa ukwati ukhale zaka 18. Mu Dar es Salaam muli bwalo lapadera ku Temeke, lomwe linatsegulidwa m'chaka cha 2021, loona za mabanja ndi chuma cha masiye.

Chilankhulo ndi thandizo

Kwa zaka zambiri bwalo laling'ono linkagwiritsa ntchito Chiswahili pomwe mabwalo apamwamba ankalemba zigamulo m'Chingerezi. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Chiswahili kukhala chilankhulo cha malamulo ndi cha mabwalo, ngakhale Chingerezi chimaloledwa pomwe chilungamo chikufuna kutero. Woimbidwa mlandu amene sakumva chilankhulo cha m'bwalo ali ndi ufulu wopatsidwa womasulira, mkalimani. Munthu wodziwa Chiswahili cha pamsika chokha ayenera kunena poyera kuti sakumva bwino, ndipo asasayine chikalata cha kupolisi chomwe sanachimvetse.

Pa milandu yomwe chilango chake ndi imfa, boma limapereka loya. Lamulo la 2017 linakhazikitsa dongosolo la thandizo la zamalamulo kwa osauka ndipo linavomereza alangizi a zamalamulo a m'madera. Mabungwe monga Tanganyika Law Society, Legal and Human Rights Centre ndi bungwe la maloya aakazi la TAWLA amathandiza anthu osowa ndalama zolipira loya. Madandaulo okhudza ogwira ntchito m'boma angapitenso ku bungwe la boma loona za maufulu ndi ulamuliro wabwino, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2001.

Nthawi ya apilo

Akuluakulu amati mlandu suola, koma ufulu wochita apilo uli ndi masiku owerengeka. Wosakhutira ndi chigamulo cha bwalo laling'ono ali ndi masiku 30 oti apite ku bwalo la boma. Wopezeka wolakwa pa mlandu wa upandu ku bwalo la boma kapena la Hakimu Mkazi ayenera kupereka chidziwitso cha apilo pasanathe masiku 10, ndi zifukwa zake pasanathe masiku 45, ndipo amene ali m'ndende amapereka kudzera kwa mkulu wa ndendeyo. Kuchoka ku bwalo lalikulu kupita ku bwalo la apilo, chidziwitso chimaperekedwa pasanathe masiku 30. Mlandu woyambira ku bwalo laling'ono umafika ku bwalo la apilo pokhapokha bwalo lalikulu litatsimikiza kuti pali mfundo ya lamulo yofunika kuunikidwa.

Wochedwa ayenera kupempha bwalo kuti limuwonjezere nthawi ndi kufotokoza chomwe chinamuchedwetsa, ndipo kusadziwa lamulo sikulandiridwa ngati chifukwa. Choncho amene walandira chigamulo apemphe kope lake tsiku lomwelo, asunge makalata onse, ndipo afunse kwa loya kapena mlangizi wa zamalamulo masiku asanathe. Safunsa anadya phula.